Za kompyuta yotepa kanema ija

Anzanga angapo amene tinakumana kochonga mayeso, komanso ena mwa inu ana anga akale amene pano muli ndi ndevu ndi mabanja anu, mwakhala mukundifunsa za kompyuta ija ndinkati ndikumanga kuti izitepa mapulogalamu a pa kanema. Inatheka kodi? Eya, inatheka, koma osati monse m'mene mtima unkafunira. Mpaka lero ikugwira ntchito. Ili pansi pa tebulo kunyumba kwanga kuno kwa Chiosya, fani yake ikungolira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Kuimanga sikunandivute kwenikweni. Chomwe chinandiimitsa mutu ndi loko amene eni kanema amaika pa zithunzi zawo.

Ena amaganiza kuti ndinkafuna kutepa mpira. Mpira ndimaukonda, sindikana, koma mpira woti zigoli wazimva kale sukoma. Chinandikankha ine ndi labotale. Aliyense amene anaphunzitsapo sayansi pa sukulu ya CDSS akudziwa m'mene timaphunzitsira titration: umajambula burette pa bolodi ndi choko, n'kuwauza ana kuti "apa madzi asintha, asanduka a pinki", iwo n'kulemba mokhulupirika m'makope mwawo, pinkiyo osamuona. Mwana amakagwira burette koyamba mayeso a MSCE atayandikira, manja akunjenjemera. Chonsecho pa kanema pamadutsa mapulogalamu oonetsa zoterezi bwino lomwe. Vuto ndi nthawi. Pulogalamu imabwera ana ali m'kalasi ya phunziro lina, kapena usiku atabwerera kwawo kumidzi, kapena magetsi atathima. Kanema sadikira munthu. Ine ndinkafuna chinthu choti chizigwira pulogalamuyo ikamadutsa, chiisunge, kuti ndidzaionetse tsiku lomwe silabasi yafika pamenepo, ndi kuibwereza kwa mwana amene sanamve.

Achinyamata a masiku ano sadziwa kuti kanema ndi mlendo m'dziko muno. Television Malawi inayamba kuulutsa mu Epulo 1999. Zisanatero, nyumba zowerengeka za kuno kumalire zomwe zinali ndi TV zinkaimika eriyo pansonga ya nsungwi yaitali n'kumakola ZNBC ya ku Zambia, chithunzi chili mchenga wokhawokha. Kanema wodzera m'mawaya, amene ku America amafika khomo ndi khomo ngati mipope ya madzi, kuno sitinamuonepo. Wathu amagwa kuchokera kumwamba, pa dishi kapena pa eriyo. M'zaka za m'ma 2000 kunabwera ma dikoda otchipa aja, a Philibao ndi a Wiztech, omwe tinkawatcha "free to air". Ukaloza dishi ku setilaiti ya pa madigiri 68.5 kum'mawa, unkaonera SABC 1, 2 ndi 3 osalipira kanthu pamwezi. Ambiri ankathamangira Generations, ife aphunzitsi tinkasaka Learning Channel ya William Smith, mkulu wa ku South Africa amene ankaphunzitsa masamu ndi sayansi ali ndi zolembera zake m'manja basi. Anamwalira mu Ogasiti 2024. Ndikhulupirira alipo kuno amene anakhoza mayeso chifukwa cha iye, pomwe mwiniwake mwina dzina loti Mchinji sanalimvepo.

Koma dzina lija la "free to air" linali lonama pang'ono. Matchanelo a SABC anali ndi loko, kungoti anali loko wakale amene makiyi ake anali atafala, ndipo ma dikoda aja ankabwera makiyiwo ali kale m'mimba. Wayilesi ya kanema ya eBotswana inakasuma kukhoti ku Johannesburg kuti kampani ya Sentech, yomwe inkaulutsa matchanelowo, ikuilanditsa oonera posiya chitseko pululu. Khoti linagamula mokomera eBotswana mu 2012, ndipo pakati pa chaka cha 2013 Sentech inasintha loko. SABC inazima ku Botswana, ku Zimbabwe, ku Zambia ndi kuno komwe. Tinatsala ndi matchanelo ambiri a mapemphero. Zonse zomwe ndinaonera zaka zimenezo zinapita ngati madzi a mumtsinje wa Bua, osatsala ndi mphindi ngakhale imodzi yoti ndionetse mwana.

Zipangizo ndinayamba kutolera mu 2014, pang'onopang'ono monga amamangira nyumba mphunzitsi: mwezi uno njerwa, mwezi wamawa malata awiri. Bokosi lenilenilo ndi kompyuta yakale ya mu ofesi, ya Core 2 Duo, yomwe ndinagula ku Lilongwe kwa anyamata ogulitsa makompyuta a kaunjika. Ndinaipukuta fumbi, kuiwonjezera RAM kufika 4GB, ndi kuikamo hard disk ya 1TB. Mtima wa ntchito yonse ndi kakhadi kotchedwa DVB-S2 tuner, kamene umakalowetsa m'kati mwa kompyuta, kumbuyo kwake n'kumangirirako waya wochokera ku dishi. Ananditengera ndi mwana wanga wina wakale amene amagwira ntchito ku Joni, pobwera ku tchuthi cha Khirisimasi, atakakulunga m'masokosi. Windows sindinaikemo. Ndinaika Ubuntu, uja enanu mukukumbukira kuti zimbale zake zinkabwera ulere pa positi mpaka 2011, ndipo pamwamba pake pulogalamu yaulere ya Tvheadend, yomwe imasaka matchanelo, kuonetsa ndandanda ya zomwe zikubwera ndi kutepa pa nthawi yomwe waiuza. Ena amakonda MythTV, yomwe inayamba kale mu 2002, koma kwa ine inali ngati kugula thirakitala pofuna kulima dimba.

Kuloza dishi kunasanduka phunziro la Physics la Loweruka lathunthu, mnyamata wina wa Fomu 4 atagwira dishi, mnzake akukuwa pawindo manambala omwe akuoneka pa sikirini. Setilaiti ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator, ndipo imazungulira mofanana ndi dziko, n'chifukwa chake imaoneka ngati yangoima. Mafunde ake amafika pa 11 kapena 12 GHz, ali ofooka zedi. Dishi imawasonkhanitsa pamalo amodzi monga concave mirror ya m'buku lathu lija, ndipo kachipangizo ka kutsogolo, LNB, kamawatsitsa kufika pakati pa 950 ndi 2150 MHz kuti athe kuyenda mu waya. Magetsi a LNB, 13V kapena 18V, amachokera ku khadi lomwe lija kudzera mu waya yemweyo. Ukangosuntha dishi pang'ono chabe, zonse zimasowa. Mnyamata wogwira dishiyo ankasinza m'kalasi tikamakamba za focal point. Tsiku limenelo anaimvetsa ndi mapewa ake.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti kompyutayo sijambula chithunzi monga imachitira kamera. Kanema wa dijito amabwera m'timaphukusi ting'onoting'ono ta mabayiti 188, matchanelo ambirimbiri atasakanikirana pa frequency imodzi, kaphukusi kalikonse kali ndi nambala yake. Zili ngati matumba a mtedza a alimi osiyanasiyana pa lole imodzi yopita ku Lilongwe, thumba lililonse lolembedwa dzina la mwini wake. Ntchito ya kompyuta ndi kungotsitsa matumba a dzina lomwe waiuza n'kuwaunjika pa hard disk. N'chifukwa chake ngakhale kompyuta yokalamba imakwanitsa, ndipo chomwe watepa chimatuluka ndendende m'mene chinabwerera. Ola limodzi la tchanelo wamba limadya gigabayiti imodzi kapena ziwiri. Pa matchanelo opanda loko zonse zinayenda usiku woyamba womwewo.

Kenako ndinaiuza kuti itepe tchanelo yolipira, yomwe mwezi umenewo ndinali nditalipira ndithu pa dikoda yanga ya pabalaza. Inatepa mosanyinyirika ola lathunthu. Fayilo inalipo, yolemera bwinobwino. Kuitsekula, mdima wokhawokha, ngakhale mawu.

Apa ndifotokoze mofatsa, poti ambiri timalipira mwezi ndi mwezi osadziwa chomwe tikugula. Mafunde a matchanelo olipira amagwa padenga la aliyense, wolipira ndi wosalipira yemwe, monga mvula. Kampani singathe kuwapatutsa kuti adumphe nyumba ya amene ali ndi ngongole. Ndiye chomwe imachita ndi kusokoneza zam'kati mwa timaphukusi tija ndi nambala yachinsinsi yotchedwa control word. Nambalayi sikhalitsa, imasintha pakangopita masekondi 10 kapena chapompo. Kiyi watsopano aliyense amatumizidwa limodzi ndi chithunzicho, koma naye ali m'kabokosi kokhoma, ndipo chotsekula kabokosiko ndi smartcard ya mu dikoda, kapena kachipu komatiridwa m'kati mwa ma dikoda ena atsopano. Aphunzitsi anzanga, ganizirani za mapepala a mayeso a MANEB. Envulopu imafika aliyense akuiona, mutha kuinyamula, kumva kulemera kwake, koma sitsekulidwa mpaka nthawi itakwana, pamaso pa oyenera. Tsono ganizirani envulopu yatsopano masekondi 10 aliwonse, usana ndi usiku.

Nanga khadi limadziwa bwanji kuti mwalipira? Mukatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kampani imaponya kumwamba uthenga wolembedwa nambala ya khadi lanu. Uthengawo umagwa pa madenga onse omwe setilaitiyo imafikako, kuyambira kwa Chiosya mpaka maiko akutali, koma loumvera ndi khadi limodzi lokha. N'chifukwa chake amakuuzani kuti dikoda ikhale yoyaka mukamalipira. DStv, yomwe inayamba mu 1995, imagwiritsa ntchito loko wa kampani ya Irdeto ya ku Netherlands, ndipo khadi amalikwatitsa kwa dikoda imodzi: mukalisolola n'kuliika m'chipangizo china, silipereka kiyi. Makampani ena olipira, a dishi ndi a eriyo omwe, aliyense ali ndi loko wake, koma mfundo yake n'chimodzimodzi.

Kumaiko ena anayesapo kutsekulira kakhomo anthu onga ine. Ku America boma linalamula makampani a kanema wa mawaya kuti azipereka kakhadi kotchedwa CableCARD, koti wolipira akaike m'chipangizo chomwe wasankha yekha. Kumbali ya makompyuta, mu 2007 kankaloledwa m'makompyuta okhawo ogulidwa omangamanga kuchokera ku makampani ovomerezeka. Mu 2009 analola kuti womanga yekha kunyumba naye akagwiritse ntchito, ndipo mu 2010 kunatuluka khadi la Ceton InfiniTV 4 lotepa matchanelo anayi nthawi imodzi. Komabe chingwe sanachimasule chonse. Pulogalamu iliyonse inkabwera ndi chizindikiro chonena ngati ingakopedwe momasuka, kamodzi kokha, kapena ayi, ndipo pa kompyuta zokopa kamodzizo zinkatepeka ndi Windows Media Center basi, fayilo yake osaseweranso pa kompyuta ina. Microsoft inasiya Media Center potulutsa Windows 10 mu 2015, ndipo mu 2020 bungwe la FCC linachotsa malamulo okakamiza makampani kuthandiza ogwiritsa ntchito CableCARD. Ngati kakhomoko kanatsekeka ku America, komwe anthu ake amadziwa kukuwa, kuno tisayembekezere kuti wina atitsekulira.

Njira yachidule ilipo, ndipo sindinganamizire kuti sindiidziwa. M'misika ikuluikulu mumapezeka anyamata amene angakugulitseni kadikoda kolowetsa SIM card, kamene kamalandira ma control word aja pa intaneti kuchokera ku khadi la munthu wina wakutali. Kamagwira miyezi ingapo, loko akangosintha n'kusanduka chopsinjira mapepala. Ine ndinakana, ndipo chifukwa chachikulu si kuopa kutaya ndalama ayi. Ndine munthu amene ndimalanda likasa m'chipinda cha mayeso. Sindingaime kutsogolo kwa ana omwewo ndi phunziro lomwe ndalitenga ndi kiyi wakuba.

Mtsikana wina wa Fomu 4, wochenjera kwabasi, anandipanikiza pa nkhaniyi. Anati, "Koma Sala, mango a mumtengo wa aneba akagwera pabwalo panu, ndi a ndani?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ndinamuyankha kuti mango ogwa okha tola, ndiwo matchanelo aulere aja. Koma awa agwa ali m'chitini chokhoma, ndipo wa kamera uja anagona m'tchire miyezi kudikira kambuku naye ali ndi ana ofuna fizi. Anagwedeza mutu, kenako n'kubweza: "Nanga poti inu munalipira kale, bwanji sakulolani kusunga?" Apa ndiye anandigwira pakhosi, chifukwa n'zomwe nanenso ndimaganiza.

Kuno ndife alimi, tikudziwa kusiyana kwa chimanga cha makolo ndi cha hayibulidi. Cha makolo umasankha chabwino, kuchipachika pamwamba pa moto kukhitchini, chaka chamawa n'kubzala. Cha hayibulidi chimabereka kwambiri, palibe angatsutse, koma chaka chilichonse umabwerera kusitolo. Kanema wolipira ndi hayibulidi. Ngakhale ma dikoda otepa omwe makampaniwo amagulitsa okha, monga PVR ya DStv yomwe inatuluka mu 2005 ndi Explora ya mu 2013, amasunga pulogalamu ili yokhoma. Sungaikopere pa fulashi, ndipo ukasiya kulipira sungaionere. Nkhokwe ili pabwalo pako, koma kiyi ali m'thumba mwa wina. Pa mpira ndi mafilimu ndikumvetsa, ndi malonda, ndipo ufulu woonetsa mpira wa ku England sautola pansi. Koma pa phunziro la electrolysis, lomwe silisintha chaka chino kapena chamawa, ine ndimaona kuti boma ndi makampaniwa akanatha kugwirizana kuti zamaphunziro zizitsika zopanda loko, sukulu iliyonse itepe m'mene ingathere.

Chomwe ndinachita pamapeto pake n'chachikalekale. Kumbuyo kwa dikoda yanga kuli mabowo atatu aja, lachikasu, loyera ndi lofiira. Pofika pamenepo dikoda yatsekula kale loko mwachilolezo, chithunzi chili pa ulendo wopita ku TV. Ndinagula kachipangizo kotchipa ka USB kolandira mawaya atatuwo, kompyuta n'kumatepa chomwe dikoda ikuonetsa. Loko sindinamukhudze. Kuipa kwake n'kwakuti chithunzi chimafooka, zilembo zing'onozing'ono zimaoneka mwachimbuuzi, ndipo umatepa tchanelo yokhayo yomwe dikoda yaimapo. Mwana akabwera ndi rimoti kufuna makatuni, mawa lake umapeza phunziro la ma acid lasanduka Tom and Jerry chapakati. Zinachitikapo kawiri. Bowo la HDMI silithandiza, chifukwa nalo lili ndi loko wake wotchedwa HDCP, ndipo ma dikoda ena atsopano akubwera opanda mabowo atatu aja. Yanga yakaleyi ndimaisamala ngati dzira.

Ndinadziikira malire. Zotepa kuchokera ku dikoda yolipira zimakhala kunyumba. Ndimaonera ndekha pokonzekera phunziro, kuimitsa, kubwereza, kutapa nzeru za kafotokozedwe. Ndalama yomwe ndimalipira ndi ya pakhomo, si yoonetsera gulu. A mavidiyo sho akudziwa kuti imeneyo ndi nkhani ina. Kusukulu ndimapita ndi zochokera ku matchanelo opanda loko komanso zomwe eni ake analoleza kugawa. Dziko lathu lili ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA limalandira kandalama kochokera pa zipangizo zosungira nyimbo ndi kanema zikamalowa m'dziko, n'kugawira oimba ndi aluso ena. Ndiye kukopa kwa pakhomo boma likukudziwa, ndipo linakuikira mtengo.

Mu Ogasiti 2023 nkhani ya kiyi ija inaonekera dziko lonse. MultiChoice itasemphana ndi MACRA pa zokweza mitengo, inalengeza kuti yachotsa DStv m'Malawi muno, ndipo inabwerera mu Disembala khoti litagamula. Sindikuweruza kuti wolakwa anali ndani. Ndikungonena kuti kwa miyezi ingapo anthu anali ndi dishi, dikoda ndi ndalama m'manja, chitseko chili chotseka pa mlandu womwe iwo sanaupalamule. Hard disk yanga za mlanduwo sinamve n'komwe. Teremu itatsegulidwa, a Fomu 3 anaonera phunziro lawo monga mwa nthawi zonse.

Ana anga a m'tauni mumandiseka kuti zonsezi zili kale pa YouTube. N'zoona, ndipo ndikapeza Wi-Fi ku Lilongwe ndimatsitsa maphunziro a Khan Academy, omwe eni ake analoleza kugawa ulere, n'kudzawaunjika pa hard disk yomweyi. Koma bwerani kwa Chiosya ndi foni yanu mudzayese kuonera vidiyo ya mphindi 40 pa bandulo yogula ndi malipiro a mphunzitsi, netiweki ikubwera n'kumapita. Dishi ilibe bandulo.

Adani enieni a kabokosika pano ndi magetsi, fumbi ndi mphenzi. Kompyuta yakaleyi imadya ma watt pafupifupi 80, ndiye magetsi akathima batire la sola ndi invata zimaisunga maola ochepa chabe, ndipo hard disk sikonda kuzimitsidwa mwadzidzidzi. Mu Okutobala ndimaitsekula n'kuipopera fumbi ndi pampu ya njinga. Mvula yamphamvu ikamagwa madontho amamwa mafunde aja, chithunzi n'kusweka timabokositimabokosi, ndipo kumwamba kukangoyamba kugunda ndimasolola waya wa dishi osadikira. Mwana wa ku Joni uja akuti ulendo uno anditengera Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja kodya ma watt osafika 10, pamodzi ndi tuner ya USB. Zikafika, bokosi lakaleli lisamukira kusukulu ndi maphunziro aulere onse omwe lasunga, likakhale mu ofesi ya sayansi kuti aphunzitsi anzanga azitapa okha osadikira fulashi yanga. Ndipo amene muli ndi ma dikoda akale a mabowo atatu omwe akungodya fumbi pamwamba pa kabati, musataye. Ndiuzeni, ndidzatuma mwana pa njinga.